Kompuresa ya Chipembere

12 Seputembala

Amake ana,

Ndamva kuti masiku ano mukukhala mpando wakutsogolo. Lachinayi lililonse m'mawa galimoto yanga ija timaitcha Chipembere ikumadutsa pamphambano, mng'ono wanga Mzime ali pachiwongolero, inu muli pambali pake, magalasi onse ali otsitsa, duku likuuluka ngati la mtsikana. Wandiuza ndi dalaivala wa basi. Iyeyo anauzidwa ndi Pampu womata matayala uja, ndipo Pampu ndimamudziwa: pa mtengo wa chigamba amanama, koma maso ake sanama.

Moni ndiye ndikupereka tsopano. Kaya mwadzuka bwanji inu ndi onse pakhomopo? Ine kuno ndili bwino, kupatula msana umene mukuudziwa kale.

Kalata yanu ndinalandira. A Kalaliki a pagalaja pano, amene amandiwerengera ndi kundilembera makalata, aiwerenga kawiri. Mukuti eyakoni ya Chipembere, yoziziritsa m'galimoto ija, yafa, kompuresa yake yopopa gasi inalira masiku atatu kenako n'kukhala chete, ndipo kutentha kukukuvutani paulendo. Ulendo wake uti? Galimoto imeneyo ndinaitumiza kuti izikhala m'shedi, izindidikira. Makiyi ndinapatsa Mzime kuti aziliza injini Loweruka batire isafe, osati azitengera mlamu wake kokayenda. Ine ndi inu tinayenda wapansi zaka khumi ndi zisanu, dzuwa lake lomweli, simunasungunuke.

China. Ine kusukulu sindinapondeko, koma zilembo zanu ndimazidziwa ngati mmene ndimadziwira mutu wa bawuti. Zanu zimagona chakumanzere, zimakanikiza pepala mpaka kuonekera kuseri. Za m'kalata iyi n'zoimirira ngati asilikali. Ndi za Mzime. Zilembo zimenezo ndinazilipirira ndine, ndikuswa miyala iye ali m'kalasi, ndiye sindingazisowe. Dzanja lanu latani kuti mawu opita kwa mwamuna wanu azidutsa m'cholembera cha munthu wina?

Za kompuresa iwalani. Mphepo ya pawindo ndi yaulere.

Ndatumiza kangachepe ndi dalaivala yemweyo. Mugule malata awiri a pakhitchini mvula isanayambe. Mpanda wa kumbuyo muitanire mmisiri, Mzime asaukhudze, adzaumanga mokhota. Kuno zinthu zakwera, ndalama imene ndinkagulira sopo atatu pano ikugula mmodzi.

Ndine mwamuna wanu,
Bambo a ana


3 Okutobala

Amake ana,

Moni kwa inu ndi ana. Ndikhulupirira muli bwino. Ine msana ukadali pomwepo, koma ntchito ndikugwira.

Ndiye mukuti poti ine ndakana, alamu anu apeza kompuresa kwa ophwasula magalimoto, ndipo akufuna akaipereke kwa makaniko wa kuseri kwa msika kuti akaiike. Ameneyo amene amamanga bawuti ndi chiselo ndi hamala? Amake ana, mwandilaula. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikuika makompuresa m'magalimoto a eni dziko lino. Anthu amachoka kutali kudzafunsa kuti madala a eyakoni aja alipo? Lero galimoto yangayanga ikagone chagada kuseri kwa msika, anthu azidutsa n'kumati si ya mkulu uja amati ndi katswiri kunjako?

Ndikuuzeni za dzana. Kunabwera mayi wina ndi galimoto yakale ngati yathuyo. Bwana anagula makina olumikiza kugalimoto, amalemba matenda pakagalasi. Analumikiza n'kunena kuti gasi watha basi. Ine ndinatenga sikuludalaiva yaitali, nsonga pakompuresa, chogwirira kukhutu.

Ndinati, "Bwana, m'kati mwadyeka umu."

Iwo anati, "Madala, makina akuti gasi."

Ndinati, "Makinawo ali ndi makutu?"

Titatsegula, munali tizitsulo tokhatokha ngati mchenga. Bwana anangopita mu ofesi. Madzulo ake anandiitana n'kuyamba kufunsa za mapepala anga okhalira kuno, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Choncho uzani Mzime abweze chitsulo chakecho kumene anachitenga. Kompuresa ya Chipembere ndipanga ndekha ndi manja anga, ndidzatumiza pabasi. Wina aliyense asatsegule boneti kufikira itafika.

Koma funso langa simunayankhe. Mwangoti Lachinayi mumapita kutauni kukaona anthu. Anthu ake ati ofunika kuonedwa sabata iliyonse ngati mbewu za kudimba? Ndikudziwa kuti kuyambira ali mnyamata Mzime amakutchulani "akazi anga" moseka, inu n'kumamuyankha "amuna anga aang'ono". Ndinkaseka nawo. Koma nthabwala imeneyo imakoma mwini nyumba ali pomwepo. Mkazi wake anamwalira zaka zinayi zapitazo, sakukwatiranso, malaya ake ndi osita tsiku lililonse. Akumusitira ndani? Galu wamkota sakandira pachabe, amake ana.

Malata aja mwagula? Musagule opyapyala.

Mwamuna wanu,
Bambo a ana


21 Okutobala

Amake ana,

Moni nonse. Ine ndadzuka, msana wayamba kumva mankhwala. Inu za thupi lanu simunanene m'kalata yapitayi, mwangoti "tilipo". Tilipo ndi ndani?

M'katoni imene akupatseni dalaivala muli kompuresa. Ndinaichotsa m'galimoto yofanana ndi Chipembere imene inagundidwa kumbuyo. Ndaiphwasula yonse, ndasintha zofunika kusintha, ndaipukuta mpaka munthu kudziona nkhope. Masabata awiri, nthawi ya masana anzanga akudya, ine ndili pabenchi. Mulinso kasefa katsopano ndi timphira ta molumikizira mapaipi. Zonse ndakulunga m'malaya anga akale a ntchito. Malayawo musataye. Muchape, muwapachike pachitseko cha kuchipinda, kunja kwake, kuti wodutsa aziwaona.

Tsopano iwe Mzime, poti ndikudziwa kuti ukuwerenga ndiwe, tchera khutu. Uyambe wapita ndi galimotoyo kwa odzaza gasi akachotse wotsalayo, usangomasula paipi ngati ukutsegula mpopi, adzakuwotcha maso. Chotsa waya wa batire. Lamba usanamuchotse uyang'anitsitse mmene wazungulira, chifukwa pa Chipembere lamba ndi mmodzi yekha. Yemweyo amazunguza kompuresa, yemweyo amatchaja batire, yemweyo amayendetsa madzi oziziritsa injini. Mabawuti ndi anayi. La pansi chakumbuyo limafuna munthu agone chagada m'fumbi, ndiye uvule taye. Kompuresa ikafa imasiya tizitsulo m'mapaipi, ukapanda kuwatsuka tidzapha yatsopanoyi. Kasefa kakale utaye. Timphira takale usabwezere ngakhale tikuoneka tabwino. Ukamanga zonse, odzaza gasi ayambe apopa mpweya wonse kuti utuluke, theka la ola osachepera, kenako adzaze.

A Kalaliki akundifunsa kuti, "Madala, mwamaliza? Palibe chimene mwaiwala?" Ndawauza kuti ine chibadwire sindinaiwalepo kanthu. Zotsalazo munthu wa satifiketi azidziwa yekha. Si paja anawerenga mabuku?

Amake ana, chinthu chimodzi chinandisowetsa mtendere pamene ndinkamanga katoniyi. Magalasi a Chipembere ndi akuda. Ndinawadetsa ndine, kuti ine ndi inu tikamadzayenda anthu asamatiwerengere katundu. Eyakoni ikayamba kugwira ntchito, magalasiwo akwera. Ndiye kuti ndi manja anga omwewa ndakumangirani chipinda choyenda pamsewu. Ndangonena.

Dalaivala musamulipire, ndathana naye kuno.

Mwamuna wanu,
Bambo a ana


9 Novembala

Amake ana,

Moni. Ine ndili moyo. Kaya inu kumeneko, koma mukuoneka kuti muli bwino kwambiri.

A Kalaliki andiwerengera mawu anu ndipo ndawauza abwereze malo amodzi katatu. Mukuti, "Alamu ali ndi manja, aika bwinobwino, m'galimoto mukuzizira ngati m'sitolo ya nyama, ndinagona njira yonse." Alamu ali ndi manja. Amene anadya fumbi masabata awiri, kusala chakudya cha masana, alibe manja. Womanga mabawuti anayi ndiye ali ndi manja. Zikomo.

Ndipo munagona njira yonse. Mutu munatsamira pati?

Pampu watumiza mawu. Akuti masiku ano Chipembere ikamadutsa iye amangoona nkhope yake yomwe pagalasi. Koma Lachinayi lapitali munaima pamalo pake kuwonjezera mpweya tayala lakumbuyo. Mzime anatsika, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono ngati muli khanda. Pampu atati, "Bwanji alamuwo satipatsa moni?" iye anati, "Tsitsa mawu, usawadzutse." Pa mpata wa chitsekowo Pampu anaona mpando wanu utagonekedwa, inu mutafunda jekete la Mzime. Ine zaka makumi atatu ndi zinayi za ukwati simunafundepo jekete langa pagulu, munkati anthu aziti chiyani. Panopa anthuwo anasamuka?

Akanakhala munthu wapadera ndikanadziwa chochita. Koma khoswe akakhala pamkhate sapheka. Tinayamwa bere limodzi, ndinamubereka kumsana amayi akudwala. Ndiye ndingokhala kuno n'kumameza malovu.

Kodi kompuresayo sikulira? Mukamayenda muzimvetsera kutsogolo chakumanja. Mukamva ngati munthu akukukuta mano m'tulo, mudzadziwa kuti kuwerenga buku si kudziwa ntchito. Tsiku limenelo mudzandilembera nokha, ndi dzanja lanu, kundifunsa kuti bambo a ana titani.

Kuno Lachiwiri kunabwera alendo ovala yunifolomu, ofufuza mapepala. Ine ndinali pansi pa lole, ndipo ndinakhala komweko mpaka anapita. Loleyo inalibe vuto lililonse. Anzathu awiri sitinawaonenso. Musauze ana.

Mwezi uno ndatumiza zochepa, bwana anadula masiku. Nkhuku zikayamba chitopa mugulitse msanga, musadikire.

Bambo a ana


25 Novembala

Amake ana,

Moni sindikudziwa kuti ndiupereke bwanji kwa munthu amene ali pabedi la chipatala. Mwadzuka bwanji? Akuti mwayamba kumwa madzi. Ine kudzuka ndadzuka.

Kalata ya mwana wathu wamkulu yafika dzulo. A Kalaliki atafika pakati anaima, n'kuvula magalasi awo, n'kundifunsa ngati ndikufuna kukhala pansi. Ndinati werengani, ine ndimamva ndili chilili.

Ndiye kuti chiyambire mwezi wa Julayi, Lachinayi lililonse mumapita kuchipatala chachikulu kukalandira mankhwala a m'botolo odonthezera m'mitsempha. Ndiye kuti zala zanu zinachita dzanzi moti cholembera chimagwa. Duku lija mumavala chifukwa tsitsi linathothoka. Kutentha kwa m'galimoto kunkakusanzitsani njira yonse. Ana akudziwa, achemwali anu akudziwa, Mzime ndiye amasunga ndi khadi lomwe la kuchipatala m'thumba la malaya. Amene sakudziwa ndi ine ndekha, mwamuna wanu. Mwanayu akuti munaletsa aliyense kundiuza, ati ndikanataya ntchito n'kuthamangira kumudzi, ndiponso simunafune kuti matenda anu awerengedwe mokweza m'galaja ndi munthu wachilendo. Ndinu ndani inu wondisankhira chimene ndingathe kusenza?

Za pamsewu wandifotokozera zonse. Akuti kompuresa inagwira mwadzidzidzi pa chigwa chija chopanda mtengo ndi umodzi womwe, lamba n'kuduka, injini n'kuwira. Dzuwa lili paliwombo. Munakhala pamenepo maola anayi, Mzime atakutchingirani ndi katoni, akuimitsa magalimoto osaima. Pofika kuchipatala munali mutakomoka, ndipo mankhwala a tsiku limenelo sanakupatseni.

A Kalaliki akuti ndisalembe zimene ndikufuna kunenazi. Ndawauza kuti cholembera ndi chawo koma mawu ndi anga. Kompuresa imene ndinatumiza inali yabwino. M'manja mwanga simunachokepo chinthu chimene chinafa masabata atatu. Ngati yafa, afunsidwe amene anaiika. Munthu akamavomera ntchito imene sakuidziwa, n'kunyamula mkazi wa mwini wake wodwala kupita naye m'chipululu opanda ndi lamba wapadera yemwe, ameneyo timutche chiyani? Mzime ayankhe.

Ndagulitsa wailesi ndi jekete lachikopa lija, zonse zili ndi dalaivala. Mugule zimene adokotala anene. Muzidya, ngakhale pakamwa pakuwawa.

Ine pano sindikugwira bwino sipanala. Dzulo ndinamanga tayala la kasitomala n'kulimasulanso, osadziwa kuti ndikufuna chiyani.

Mwamuna wanu,
Bambo a ana


7 Disembala

Amake ana,

Moni. Ndamva kuti anakutulutsani ndipo muli kunyumba. Ndathokoza Mulungu. Ine thupi lili bwino.

Mwana wathu walemba kuti amene anawerenga kalata yanga ija ndi Mzime yemwe, pambali pa bedi lanu kunyumba, mokweza, mpaka pa mawu omaliza osadumpha. Atamaliza anaipinda, anatulutsa makiyi ndi khadi n'kuika pakabati, n'kunena kuti, "Akulu anena zoona, ndikanapha alamu." Chichokereni sanabwerenso. Chipembere anaikoka ili m'shedi. Lachinayi lapitali munakwera minibasi, anthu anayi pampando, munasanza kawiri, ndipo munafika mzere atatseka. Adokotala akuti mukadumphanso kachitatu, zonse zimene mwapirira chiyambire Julayi zipita pachabe.

Lero nditaitana a Kalaliki kuti tilembe, anabwera opanda pepala. Anapita pashelefu ya pamwamba pa benchi yanga, anatenga kabotolo kamene kali kuseri kwa chitini cha girisi, n'kukaika patsogolo panga. Anati, "Madala, ine ndakulemberani zaka zisanu ndi zinayi. Lero tiyambira apa, apo ayi mupeze wina." Ndinawatukwana. Anakaniratu kutenga pepala. Ndiye tayambira pamenepo.

Kompuresa imayenda ndi oyilo wakewake, amene amathiridwa m'kati isanamangidwe. Potumiza pabasi ndinamukhuthula yense kuti asadonthere katundu wa anthu, mmene timachitira nthawi zonse. Oyilo watsopano ndinagula, ndi kabotolo kameneka. Kanayenera kulowa m'katoni, ndipo m'kalata munayenera kukhala mawu akuti uthire. Ndinakagwira m'manja, ndinaganiza za magalasi akuda aja, n'kukabweza pashelefu. Sindinaiwale. Ndinkati iziziritse masiku angapo kenako ife, magalasi atsike, inu muone kuti wa satifiketi walephera. Zoti ikhoza kugwira n'kudula lamba ndinkazidziwa, ndine ndemwe ndinamuuza kuti lambayo ndi mmodzi. Ndinangosankha kusaziganizira. Mzime anachita zonse zimene ndinamuuza, mwina kuposa mmene akanachitira anzanga a pano. Amene anakukhazikani padzuwa maola anayi ndine.

Mawu opepesa sindinawazolowere, amatuluka mokhota. Pepani, amake ana. Mukafuna kundiyankha mudzandiyankha, mukapanda kufuna ndidzamva ndithu.

Musaganize kuti mtima wanga wayera. Nsanje ikadalipo, ndisakunamizeni. Dzina la matenda anu anayamba kulimva ndi iye. Adokotala akafunsa kuti mwabwera ndi ndani, amaimirira ndi iye. Pamene munkasanza m'mbali mwa msewu anakugwirani mutu ndi iye. Malo amenewo ndi anga. Koma mukudziwa mmene mapepala anga alili: ndikawoloka sindidzabwereranso kuno, ndipo mankhwala a m'botolo samera m'munda. Ndiye ine ndikhala kuno pansi pa magalimoto a anthu, malo angawo akhalepo iyeyo. Zikundiwawa, koma ndawerengera mbali zonse, palibe njira ina.

Kompuresa ina ndayamba kale kupanga. Imeneyo idzabwera ndi kabotolo kake katamangiriridwa ndi waya, ndipo a Kalaliki akuti katoni adzatseka okha. Koma ifuna masabata awiri, pamene Lachinayi lili pafupi. M'envelopu muno muli chingwe chokhala ndi mfundo ziwiri. Mwana wanga, ukamaliza kuwawerengera amayi ako, utenge kalatayi ndi chingwecho upite nazo kwa abambo ako aang'ono lero lomwe. Akakana kutsegula, uwerengere pawindo.

Mwamuna wanu,
Bambo a ana

Iwe Mzime. Wamva zonse, sindibwereza. Chipembere ikhoza kuyenda popanda kompuresa. Ndagona pansi pa galimoto inzake kuno n'kuyeza ndi chingwe chimenecho njira ya lamba wamfupi, wodutsa pa injini, pa chotchajira batire ndi pa pampu ya madzi, kompuresa yakufayo n'kuilambalala. Basi ifika Lachiwiri. Lachitatu m'mawa upite kusitolo ya zipangizo, ugule lamba wa mizere isanu ndi umodzi, wotalika kuchokera pa mfundo kufika pa mfundo. Akakuuza kuti wotalikirapo pang'ono alowa, ukane. Ugule awiri. Uthire madzi m'radiyeta, uilize theka la ola, uyang'ane muvi wa kutentha. Ukauona ukukwera, uzimitse n'kuitana makaniko wa kuseri kwa msika uja, ndalola.

Wandikwiyira, ndipo uli ndi chifukwa. Zaka zondikwiyira uli nazo zambiri kutsogoloku, udzanditukwane pamaso ndikadzabwera, ndidzakhala chete. Koma Lachinayi lino dzuwa lisanatuluke ukhale utaimika galimoto pakhomo panga, munyamuke kusanatenthe, mlamu wako akafike mzere usanatsekedwe. Ndine mkulu wako, sindinakupemphepo kanthu chibadwire. Pita ukatenge makiyi pakabati paja.